Mkwati Wopanda Mkwatibwi

Chikondi cha Dario Lunardi ndi Ishbel MacInnes chinali chitatha chaka ndi miyezi, koma m'tawuni yonse ya Oban, ku Scotland, amene ankachidziwa bwino zinali mbalame za padoko. Awiriwa ankakumana kuseri kwa nyumba yodikiriramo sitima, pamalo pamene mphepo imathamangitsa anthu amiseche. Tsiku limenelo Dario anafika nkhope ili gwaa, ndipo anakana kukhala pansi.

"Dzulo unanditchula kuti ndani pamaso pa bambo ako?" anafunsa.

"Dario, tinali pamsewu."

"Unati, 'Bambo, uyu ndi mnzanga wa kushopu ya tchipisi.' Ndinaima pamenepo ngati chikwangwani. Bambo ako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kundiuza kuti nsomba zathu zimachuluka mchere."

Ishbel analuma mlomo. "Zimachulukadi mchere."

"Usandiseke."

Ishbel anamugwira dzanja. Bambo ake, a Hector MacInnes, anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka ndi paukwati pomwe. Mayi ake atamwalira, bambowo anamulera okha, namuphunzitsa vayolini kuyambira pamene chidacho chinkamuposa mkono. Ishbel sankaopa kukalipiridwa. Ankaopa chete wa bambo ake, chete amene ankatha kukhala m'nyumba mwezi wathunthu ngati mlendo wosatsanzika. Ndipo aliyense ankadziwa mnyamata amene mkuluyo ankamufunira mwana wake: Torquil Lamont, mwana wa mwini hotela yaikulu ya m'mphepete mwa nyanja, katswiri wa zitoliro za thumba, wa mpingo womwewo.

Ishbel anatulutsa tikiti m'thumba la chikhoti chake. "Loweruka kuholo kuli phwando la nyimbo, lija lothandiza bwato lopulumutsa anthu panyanja. Ine ndikuimba kumapeto. Bambo ndiwo wapampando, ndipo ndakupezera malo patebulo lawo."

"Monga ndani?"

"Monga mlendo wanga."

"Mlendo." Dario analandira tikitiyo naitembenuza. "Ishbel, undimvere bwino, chifukwa sindidzabwereza. Ndibwera. Koma Loweruka ukanditchulanso kuti mnzako, kapena mlendo, kapena wa tchipisi, ndidzadzuka, ndidzatsanzika mwaulemu, ndipo kuseri kuno sudzandipezanso. Ndatopa n'kukondedwa ngati katundu wakuba."

"Ndidzawauza. Ungondilola ndisankhe ndekha mpata wabwino."

"Mpata wake ndi Loweruka."

Ishbel anavomera ndi mutu, maso ali kunyanja. Kenaka analoza timawu ta m'munsi mwa tikiti. "Waona apa? Amuna onse avale kiliti. Uli nayo?"

Siketi yachimuna yamwambo imeneyo Dario analibe. Agogo ake aamuna anachokera ku Italy n'kuyamba ndi kangolo ka ayisikilimu, ndipo ngakhale banjalo linali ndi manda ake m'dothi la Oban, amuna a kwa Lunardi ankakwatira atavala suti n'kuikidwa m'manda atavalanso suti. Analibe chiwongo cha kumapiri, analibe nsalu ya mizere ya fuko lawo. Mawondo ake anthu ankawaona pabwalo la mpira pokha.

"Ndikuperekeze kushopu?" anafunsa Ishbel.

"Ayi. Kuvala ndimatha ndekha. Iwe kakonze mawu ako."

* * *

Mawa lake pafoni pake panalowa uthenga wochokera kwa munthu amene sankamuyembekezera.

"Achimwene, ndi Torquil. Ndamva kuti tikhala tebulo limodzi ndi mdala MacInnes. Takulandirani. Zovala zili bwanji?"

Dario anauyang'ana uthengawo nthawi yaitali. Iye ndi Torquil anaphunzira sukulu imodzi, koma sanamwerepo tiyi pamodzi. Anayankha mwachidule kuti akabwereka kushopu.

"Ndiye ndikutsineni khutu, chifukwa mdala uja amayamba kuona zovala asanaone nkhope. Jekete likhale lalifupi, la mabatani asiliva. Kachikwama kakutsogolo kakhale kaubweya, osati kachikopa. Koma chachikulu ndi ichi: musaiwale nsalu yapaphewa, ija yaitali yolendewera kumsana, ndipo pachifuwa muikepo duwa loyera la kumapiri. Mukatero mwamaliza."

"Inunso mudzavala choncho?"

"Aliyense amene wabwera ndi cholinga chenicheni amavala choncho. Za Ishbel musandiope, achimwene. Maso ndili nawo, ndinaona kalekale kumene mtima wake unalowera. Mwamuna akagonja amagwira chanza."

Mawu amenewo anamufewetsa Dario, moti anadzidzudzula chifukwa chomuganizira mnzakeyo zoipa. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, koma munthu amene ali m'chikondi sang'amba nkhuyu asanaidye.

Kushopu yobwereketsa zovala anapeza mayi wina wachikulire, tepi yoyezera ili m'khosi. Mayiwo anamugwaditsa pansi kuti aone pamene kiliti ikulekezera, namusankhira ya mizere yakuda ndi yobiriwira, imene munthu wopanda fuko amaloledwa kuvala. Dario atatchula nsalu yapaphewa ndi duwa loyera, nkhope ya mayiwo inawala.

"Ndi liti, mwanawe?"

"Loweruka madzulo."

"Madzulo? Za masiku ano izi. Ukunjenjemera?"

"Pang'ono, mayi. Amene akundiopsa ndi bambo ake."

"Onse amatero. Malemu amuna anga anasanza asanakaonekere, koma tinakhala bwinobwino mpaka imfa. Mulungu akudalitseni nonse awiri."

Dario anatuluka akumwetulira. Oban ndi tawuni yaing'ono, anadziuza choncho, ndipo chinsinsi chawo chiyenera kuti chinali chitayamba kudontha.

Dario ali m'njira, Ishbel anamulembera: "Wapeza zovala? Tumiza chithunzi ndione."

"Udzaona Loweruka."

"Wamakani iwe."

"Wamantha iwe."

Pamapeto pake panangolowa kachithunzi ka mtima, kopanda mawu.

* * *

Loweruka madzulo dzuwa linali likadali pamwamba pa zilumba, monga limachitira mwezi wa Juni. Dario anavala pang'onopang'ono. Kiliti inali yolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo inamugwira m'chiuno ngati dzanja la munthu wamkulu. Anakoka sokosi zazitali, natsomeka kampeni kamwambo m'sokosi ya kumanja, nazunguliza zingwe za nsapato m'miyendo monga anamuonetsera mayi wa kushopu. Imene inamuvutitsa ndi nsalu yapaphewa. Inkaterereka, inkakoka jekete, ndipo pini wasiliva anamubaya chala asanagwire. Koma ataima pagalasi sanadzizindikire. Amene anaima mmenemo anali mwamuna woti bambo aliyense angamutsegulire chitseko.

Anasankha kuyenda wapansi, kudzera msewu wa m'mbali mwa nyanja. Mphepo inamukwawa m'mawondo, nsalu ikuuluka kumbuyo kwake ngati mbendera. Alendo odzaona malo anamujambula. Galimoto ina inamuimbira hutala, ndipo amayi awiri amene anakhala pabenchi anamuombera m'manja. Padoko, msodzi wina amene ankawagulitsa nsomba anasiya chingwe n'kuimirira m'bwato.

"Lunardi! Osatiitana n'komwe? Tikanabwera ndi nkhanu!"

"Matikiti anatha, achimwene," anayankha Dario akukweza dzanja.

Msodziyo anakanda mutu. "Matikiti?"

Dario sanamve. Ankayenda chifuwa chili patsogolo, kiliti ikuvina kumbuyo kwake, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva ngati misewu imene anabadwiramo ikumugwadira.

* * *

Atangolowa m'holo, phazi lake linazengereza. Amuna anali thothotho, makiliti ofiira, obiriwira, abuluu, majekete ofanana ndi lake. Anayang'ana mapewa awo. Anayang'ana zifuwa zawo. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa nsalu yapaphewa, panalibe wa duwa loyera. Phokoso linayamba kuzima kuchokera pakhomo kulowa m'kati, ndipo m'malo mwake munabwera manong'onong'o.

Torquil anatulukira pakati pa anzake, tambula ili m'manja, phewa lake lopanda kanthu.

"Abale, imirirani, mkwati wafika," anatero mokweza. "Koma achimwene, mwalakwitsa khomo, tchalitchi chili kumtunda. Nanga mkwatibwi mwamusiya kuti? Akadakazinga tchipisi?"

Anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa. Pamenepo zonse zinakumana m'mutu mwa Dario: mdalitso wa mayi wa kushopu, manja a pabenchi, nkhanu za msodzi. Makutu ake anatentha ngati chiwaya.

Bambo MacInnes anali ataima patebulo lakutsogolo, aatali, a tsitsi loyera, manja ali kumbuyo. Iwo sanaseke. Anadikira mpaka Dario atafika.

"Ndiwe mnyamata wa kwa Lunardi."

"Ndine, bambo."

"Kwathu kuno mwamuna amavala nsalu imeneyo pamodzi ndi duwa limenelo tsiku limodzi m'moyo wake. Iwe wabwera nazo patebulo langa, pa tikiti ya mwana wanga. Ukufuna kundiuza chiyani pamaso pa tawuni yonse?"

Dario anabwerera m'mbuyo. "Pepani, bambo. Ndikubwera."

Anathawira m'kanjira kolowera kuzimbudzi. Zala zake zinali kale pa pini pamene foni inanjenjemera m'kachikwama. Anali Ishbel, kuchokera kuseri kwa nsanja. Wina anali atamutumizira kale chithunzi.

"Wakupusitsa ndi Torquil eti? Chotsa nsaluyo msanga, chonde. Duwalo taya. Bambo asakwiye tisanayambe n'komwe."

Anawerenga, nawerenganso. Akanachotsa, nkhani ikanathera pomwepo. Anthu akanaseka masiku ochepa n'kuiwala, iye akanakhala pampando ngati mlendo wakhalidwe, ndipo Ishbel akanapeza chifukwa china chodikirira mpata wina. Anayang'ana pagalasi la pakhoma. Nsaluyo anaivala mopusitsidwa, inde. Koma kodi inkanena bodza?

Analemba: "Wandipusitsadi. Koma m'holo yonseyi chinthu chokha chimene chikunena zoona za iwe ndi ine ndi nsaluyi. Sindichotsa."

Anabweza foni m'kachikwama, napukuta thukuta, nabwerera. Ulendo uno sanayang'ane pansi. Anadutsa pakati pa matebulo ngati akudutsa pakhomo pawo, nakaima pamaso pa mkulu uja.

"Bambo, munandifunsa funso. Izi ndinavala osadziwa tanthauzo lake, ndipo amene anandilangiza akudzidziwa. Tsopano ndadziwa, koma sindinachotse. Zotsalazo si ine woyenera kuyamba kuzinena."

Nsidze za Bambo MacInnes zinakwera pang'ono. Analoza mpando. "Khala pansi. Nyimbo sizidikira zachibwana."

* * *

Kwaya ya amayi ochokera kuzilumba inayamba, kenaka nkhalamba ina inatambasula akodiyoni mpaka anthu anayamba kugwedeza mitu. Dario sanamve nyimbo ndi imodzi yomwe. Ankangomva maso a anthu akumubaya kumsana. Mayi wina amene anakhala pambali pake anamukankhira mbale ya mabisiketi a batala.

"Idya, mwanawe," ananong'ona. "Akwati amakomoka ndi njala."

Itafika nthawi ya Torquil, anakwera pansanja ndi zitoliro zake, ndipo tinene zoona, anaimba bwino. Anthu atatha kuomba m'manja, anatenga chimkuzamawu, poti ndiye anapatsidwa ntchito yoitana woimba womaliza.

"Tisanalandire nyenyezi yathu, pali kavuto," anatero akumwetulira. "Bwato lathu limapulumutsa omira panyanja, koma lero tili ndi wina amene akumira pamtunda. Patebulo lakutsogolo pali mkwati wopanda mkwatibwi. Ndi waulere, ndipo amabwera ndi tchipisi. Mtsikana amene angamumvere chisoni akweze dzanja."

Holo inang'ambika ndi phwete. Chakumbuyo, Morven wa kusitolo ya mankhwala, amene maso ake ankamutsata Dario kuyambira kale, anakweza dzanja mpaka chibangili chinatsetsereka kukafika pachigongono.

"Ndilipo ine," anafuula. "Mawondo ngati amenewo si otaya."

Kuseka kunawonjezeka. Dario anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anayang'ana nsalu yotchinga kuseri kwa nsanja, ndipo siinagwedezeke. Anayang'ana chitseko chotulukira. Anali atalonjeza kuti adzatsanzika mwaulemu, ndipo anayamba kukonza mawu otsanzikira mumtima mwake.

Ishbel anatuluka asanaitanidwe. Anavala diresi lalitali lobiriwira, nsalu ya mizere ya a MacInnes itadutsa paphewa, vayolini ili kudzanja lamanzere. Nkhope yake inali yotuwa ngati phulusa. Anatambasulira Torquil dzanja, ndipo Torquil, posowa chochita, anapereka chimkuzamawu.

"Tsitsa dzanja, Morven," anatero. "Ameneyo ali ndi mwiniwake."

Kenaka Ishbel anayang'ana kumene Dario anakhala.

"Dzina lake ndi Dario Lunardi. Si mnzanga, si mlendo wanga. Ndi mwamuna amene ndimamukonda, ndipo ndakhala ndikumubisa kuseri kwa doko ngati kuti ndi wochititsa manyazi. Wochititsa manyazi ndine." Anatembenukira kutebulo lakutsogolo. "Bambo, ndinkafuna kukuuzani kunyumba, tiyi ali patebulo. Ndinkayamba n'kulekera panjira. Mundikhululukire kuti mwamvera pano." Anatembenukiranso kwa anthu. "Dario sanandifunsebe za ukwati. Koma poti wavala kale, yankho alimve. Mkwatibwi amene mukumufunayo ndine."

Sanadikire kuti wina ayankhe. Anaika vayolini pansi pa chibwano, nakoka uta.

Inali nyimbo yake yomwe, yothamanga ngati mtsinje wa m'phiri mvula itagwa. Anaimba akutsika masitepe a nsanja, akudutsa pakati pa mipando, mpaka anadzaima pamaso pa Dario, maso ake ali pa iye yekha. Amuna a m'bwato lopulumutsa anthu ndiwo anayamba kuponda pansi. Kwaya ya amayi inalandira ndi manja. Posachedwa matabwa a pansi ankanjenjemera, matambula akulira patebulo, ndipo Morven yemwe ankaomba m'manja pamwamba pa mutu. Torquil anatsala yekha pansanja, thumba la zitoliro litafota m'khwapa mwake.

Nyimbo itatha, holo yonse inali chilili, kupatula munthu mmodzi. Bambo MacInnes anakhalabe, manja ali pamawondo. Kenaka anadzuka pang'onopang'ono, ndipo manja a anthu anayamba kuleka.

"Imirira bwino, mnyamata."

Dario anawongoka. Manja a mkuluyo anafika paphewa lake, nachotsa pini, ndipo nsalu inagwera m'manja mwawo. Ishbel anagwira pakamwa.

Bambo MacInnes anakutumula nsaluyo. Anaipinda bwinobwino ndi chala chachikulu, pindo pamwamba pa pindo linzake, naidutsitsa pansi pa kalamba ka paphewa la jekete, kamene Dario sanadziwe n'komwe ntchito yake. Anabaya pini mosaphonya, nawongola duwa limene linali litapendekeka.

"Unamanga ngati thumba la mbatata," anatero. "Usaganize kuti ndavomera kanthu. Ndangokana kuti munthu wa patebulo langa aoneke choncho."

"Zikomo, bambo."

Mkuluyo anakweza maso kunsanja. "Torquil, tsika. Ntchito wagwira lero yakwana."

Ndiye anatembenukira kwa mwana wawo, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Chala chako chinaterereka chapakati paja."

"Ndikudziwa, Bambo."

"Koma unaimba ngati mayi ako." Anatulutsa kansalu m'thumba, namina mwamphamvu ngati munthu wa chimfine. "Mawa ndi Sabata, sitikamba izi. Lolemba madzulo ubwere kunyumba, Lunardi, pamodzi ndi makolo ako. Nkhani ngati imeneyi sikambidwa pa chimkuzamawu."

Pamenepo holo inasefukira. Matebulo anakankhidwira kukhoma, nkhalamba ya akodiyoni inabwerera pampando wake, ndipo gule anayamba. Dario sankadziwa masitepe ake. Ankalowera kumanja anzake akulowera kumanzere, amayi akumukankha ndi kumukoka ngati ngolo. Koma kiliti inkadziwa ntchito yake. Akazungulira inkatambasuka yokha, nsalu ikuuluka kumsana, Ishbel akuseka m'mikono mwake pamaso pa tawuni yonse. Amuna amene anamuseka pakhomo paja ankamumenya pamsana n'kumufunsa tsiku. Torquil yekha sanaonekenso.

* * *

Atatopa anatuluka kukapuma pamasitepe a kunja. Thambo linali likadali lofiirira kuzilumba, ndipo kamphepo kozizira kankachokera kunyanja. Ishbel anakoka nsonga ya nsalu ya Dario nadzifunditsa.

"Ndimaganiza kuti ndikomoka pansanja paja," anatero.

"Ine ndinali nditayamba kale kukonza mawu otsanzikira."

"Ukanapitadi?"

"Ndikanapita. N'kukalira kuseri kwa doko mpaka mbalame zitandithamangitsa."

Ishbel anamugunda ndi phewa. "Paja sunandifunsebe."

"Wayankha kale. Funso ndi lachiyaninso?"

"Ndikufuna ndilimve ndi makutu anga. Gwada."

"Pamiyala yozizirayi? Wopanda buluku?"

"Gwada, wamakani iwe."

Dario anali atapinda kale bondo pamene kachikwama kanayamba kunjenjemera. Anakasiya, koma kanayambiranso. Atatulutsa foni, nkhope yake inasintha.

"Ndi mayi ako?" anafunsa Ishbel atasuzumira. "Yankha, uwauze za Lolemba. Bwera nayo, ndiwapatse moni." Asanamuletse, Ishbel anali atadina kale kuti onse amve.

"Dario." Mawu a Mayi Lunardi anatuluka ozizira, kumbuyo kukumveka mafuta akuwira. "Ndili pano ndi azakhali ako, tikuyang'ana foni yawo. Ndikuona mwana wanga atavala ngati mkwati, mkulu wa mpingo wa anthu aja akumumanga nsalu. Ogula akulowa n'kumandigwira chanza, ine manja ali mafuta okhaokha, osadziwa kuti akundiyamikira chiyani."

"Amayi, ndikufotokozerani."

"Ukafotokozere wansembe amene anakubatiza. Mwana wa Lunardi amakwatira m'tchalitchi chathu, apo ayi sakwatira. Koma uyambe wandiuza ine amene ndinakubereka: mtsikana ameneyu ndi ndani? M'nyumba muno dzina lake sitinalimvepo."

Ishbel anachotsa nsalu ija pamapewa ake pang'onopang'ono.

"Amayi, ndibwera kunyumba tikakambirane."

"Usasunthe. Ndavula kale epuloni."

Foni inaduka. M'holo akodiyoni inkapitirira, mapazi akugunda. Dario anali akadali chogwada, ndipo miyala inali yozizira zedi.

"Sanalimvepo," anatero Ishbel motsitsa mawu. "Chaka chonsechi iwe ukundiwerengera milandu."

"Ishbel, amayi anga ndi ovuta. Sukuwadziwa."

"Sindikuwadziwadi." Anapinda manja pachifuwa. "Dzuka. Ine ndalankhula pamaso pa tawuni yonse. Iwe uli ndi munthu mmodzi yekha."

Dario anadzuka natembenuka. Kumunsi kwa msewu, pansi pa nyali zimene zinali zitangoyamba kuyaka, mayi wamfupi wa chikhoti chakuda ankakwera chitunda mosapuma, azakhali awiri akuthamangira pambuyo pake.